Kadi ya ku sikelo

Ndine ninameta mlongo wanga tsitsi loyamba. Anali na zaka 12, ine ninali nitangoyamba kugwila makina mu babashopu ya amalume ku Chawama. Anabwela masana ena, anakhala pa mpando osapempha, ati, "Cosani yonse. Inivuta pochaya hedi." Ninameta. Amai anakalipa masiku awili, pambuyo pake anangokhala cete, kaili ndalama ya ku saluni inayamba kugula malasha.

Nayamba na tsitsi cifukwa pa zinthu zonse zimene anthu anadzaloza pa iye, ico cokha ndiye cinali nchito ya manja anga. Zina anabadwa nazo: mau aakulu, mapewa otambalala, kayendedwe ka malemu atate. Cifuwa cinacedwa kumela. Akaseka kuseli kwa nyumba, alendo anali kufunsa kuti mnyamata uyo ni wa ndani. Pa nyumba tinali kuseka cabe. Bola anayamba na cimpombwa mu njila ya pakati pa nyumba, na anyamata, opanda nsapato. Pofika zaka 15 anali kuchaya namba 9 mu timu ya atsikana ya ku dela lathu, ndipo mwendo wake wamanzele unali kudziwika mpaka ku John Laing.

Mu babashopu nkhani ni zitatu: bola, ndale na akazi. Mu July 2022 zonse zitatu zinakumana pa munthu mmodzi, Barbra Banda. Amene mumatsatila bola mukumbuka. Mu 2021 ku Olympics ya ku Tokyo, Barbra analowetsa zigoli zitatu pa Netherlands, zinanso zitatu pa China, masewela otsatizana, cinthu cimene panalibe mkazi anacitapo ku Olympics. Tonse tinamunyamula pa mapewa. Caka cotsatila Copper Queens itapita ku WAFCON ku Morocco, iye sanasewele. A FAZ anati sanakwanitse malamulo a CAF okhudza testosterone. A ku CAF anati iwo sanamuletse. Ife ku komboni sitinayembekeze kuti akulu-akulu amvane. Mlandu tinaweluza tekha, thovu ya sopo ili ku ndevu.

Kasitoma wina, makina ali pa mutu, anati, "Ine nenze nakamba kudala. Muone cabe nkhope."

Ine ninali kudziona ngati munthu wa umboni. Sayansi ninaphasa bwino pa giledi 12, ndipo sininali kulola kuti anthu aiwale. Ninazima makina nati, "Nkhope si umboni. Sayansi sinama. Ngati ni mukazi, bamupime, vizaoneka. Amene alibe mulandu saopa kapokola."

Anthu anagwedeza mitu kuti nakamba za nzelu. Mlongo wanga anali pa benchi pa kona, kuyembekeza makiyi a ku nyumba. Sanakambe kanthu, ndipo ine sininamuyang'ane nkomwe.

Pa 24 October caka comweco panali mpikisano wa Independence pa gilaundi ya sukulu ina kufupi na kwathu. Mphoto inali majezi atsopano na mabola awili. Kwa timu imene inali kubweleka mabibu, iyo inali World Cup. Kutentha kwa October mukudziwa, fumbi yokhayokha, azimai ogulitsa ma freezit atazungulila gilaundi. Timu ya mlongo wanga inafika fainolo. Pasanathe mphindi 20 anali atalowetsa ziwili. Caciwili anacaya ali kutali, goli wa timu ina anangoima kuyang'ana.

Bola isanabwelele pakati, anthu analowa mu gilaundi. Kochi wa timu ija anali patsogolo, kumbuyo kwake azimai na acinyamata. "Uyu ni mwamuna! Muleke kutinama!" Lifali, mnyamata wa msinkhu wanga amene anamulonjeza cakudya ca masana, anaika wiso mu thumba.

Ninathamanga. Kucoka pa gilaundi kufika ku nyumba ni mphindi 10 ngati uyenda, ine ninatenga zocepa. Reji anali asanatenge, kaili reji ni pa zaka 16. Koma ninali kudziwa pamene amai amasunga mapepala, mu cikwama ca pulasitiki pansi pa matilesi. Ninapeza kadi yake ya ku sikelo, yokalamba, yopindika panayi, na mzele uja wa kulemela kwa mwana ukwela pang'onopang'ono. Dzina lake, tsiku lobadwa, cidindo ca kiliniki, na cizindikilo coonetsa kuti mwana ni wamkazi. Pobwelela ninali kumwetulila mu njila. Mu mtima ninati nkhani yasila.

Kochi anaiyang'ana kadi ngati lisiti ya ku kantemba. "Mapepala bamagula," anatelo. Wina kumbuyo anakuwa ati ni kadi ya mng'ono wake. Mng'ono alibe. Ninachula dzina la kiliniki, dzina la amai, chalichi cimene tipemphela. Palibe cinagwila.

Ndiye mai wina, wooneka waulemu, wovala citenje ca chalichi, anati, "Osakangana. Tiyeni bazimai batatu tikamuone ku toileti. Ngati ni mukazi, bola ipitilize."

Gilaundi yonse inatembenukila kwa ine, cifukwa ndine ninali wacibale wamkulu pamenepo. Nimafuna nikanakuuzani kuti ninaganiza nthawi itali. Sininaganize. Mau anatuluka okha, omwe aja a mu babashopu atavala malaya ena: "Pitani mukaone. Tilibe vobisa."

Mlongo wanga ananiyang'ana. Anangoti, "Imwe?"

Anapita nawo. Sanakane, sanalile. Ninaona cabe kumbuyo kwa jezi yake, namba 9 yolembedwa na penti, ilowa mu citseko copanda loko. Mtsikana wina wa timu yawo anaima pa khomo kuchinga anyamata amene anali kufuna kusuzumila pa windo.

Atatuluka, mai uja anakweza dzanja: "Ni mukazi." Ninapuma. Ninatembenuka kuti nione nkhope ya kochi itagwa. Siinagwe. Munthu wina anati, "Kunja cabe. Mukati ali na va cimuna, monga Barbra." Anthu anaseka, ena anavomeleza. Lifali anaimba wiso kuti masewela apitilize. Mlongo wanga anakhala pansi pa mzele, anamasula mabuti, anawapatsa mnzake amene anali kusewela na mateki, anayamba ulendo wa ku nyumba na masokosi. Timu yawo inapambana 2-1. Jezi yake anaibweletsa madzulo, ikali mu pepala. Inakhala pamwamba pa kabati mpaka fumbi inasintha mtundu wake.

Amai anamva nkhani ali ku maliketi, asanalonge na matimati. Atafika sananimenye, olo kuti ninali kufuna akanacita tero. Anakhala pa mpando, anavula nsapato, ananifunsa mwakacete: "Thupi ya mulongo wako ni yako, kuti uziyika pa tebulo bantu basankhe?" Ninayamba kufotokoza za umboni. Ananidula. "Ine ndine n'namubala. Ananifunsa ndani?"

Milungu yambili mlongo wanga sanakambe nane. Nsima anali kuniikila pa tebulo, madzi osamba anali kuniuza kupitila mwa amai. Tsitsi anayamba kumeta kwina.

Munthu wa umboni akalakwa amathawila ku umboni wina. Usiku ninali kugula mabando na kuwelenga pa foni za kupima akazi mu masewela, kufuna kupeza pamene pakamba kuti ninacita bwino. Cimene ninapeza ni cakuti zimene zinacitika ku toileti ya pa sukulu ija zinacitikapo kale, ku malo a ulemu kupambana Chawama. Mu 1966, pa mpikisano wa othamanga a ku Europe ku Budapest, akazi anawaimika osavala pamaso pa madokotala. Anthu atadandaula, mu 1968 a Olympics anayamba kupima ma chromosome, tunthu tuja twa mu maselo tumene nthawi zambili tumakhala XX mwa akazi na XY mwa amuna. Anati apa lomba tapeza coonadi cosakanika. Mu 1985 ku Kobe, ku Japan, mtsikana wa ku Spain wolumpha mipanda, María José Martínez-Patiño, anapezeka na XY. Anabadwa mkazi, anakula mkazi, ndipo thupi lake silinali kumva testosterone olo pang'ono, kutanthauza kuti panalibe mphamvu ya cimuna imene anali kupindula nayo. Nkhani inafika mu manyuzipepa, anamucotsa mu timu, anafafaniza zimene anapambana. Anamenyela mpaka anamubweza mu 1988. Mu 1999 a Olympics analeka kupima akazi onse.

Pambuyo pake inabwela testosterone. Caster Semenya wa ku South Africa anapambana 800 metres ku Berlin mu 2009 ali na zaka 18, dziko lonse linayamba kukambilana za mkati mwa thupi lake. Bungwe la othamanga linaika malile: mu 2011 anali 10, mu 2018 anatsika kufika pa 5, mu 2023 pa 2.5. Mu 2025 anabwelelanso ku kupima jini, ija amaicha SRY. Munthu mmodzimodzi, magazi amodzimodzi, angakhale wololedwa caka cino, caka camawa woletsedwa.

Apa nifuna munimvetse bwino, cifukwa pali anzanga ena a pa Facebook amene akamva izi amalumpha ati ndiye kuti mwamuna na mkazi ni maganizo cabe. Ine sinikamba zimenezo. Thupi lilipo. Testosterone ni yeniyeni, imapimika, ndipo mnyamata akatha msinkhu imamupatsa minofu na mafupa amene atsikana ambili alibe. Ndiye cifukwa pali bola ya akazi payokha. Atsikana a timu ija naonso anali kufuna majezi, naonso anauka m'mawa kukathamanga, ndipo tonse tidziwa kuti mu bola ya mu komboni cinyengo cilipo, monga madoda a ndevu amene amasewela Under 17. Kufunsa sikunali kulakwa pakokha.

Koma nenze kuganiza kuti thupi limayankha na mau amodzi. Limayankha na angapo: za kunja zimene azamba amaona, ma chromosome, ziwalo za mkati, ma hormone, na mmene thupi limamvelela ma hormone amenewo. Mwa anthu ambili zonse zimaloza kumodzi, ndiye cifukwa sitiganizako. Mwa ocepa zimasiyana. Pamenepo makina amakupatsa namba, koma sakuuza kuti namba iyi ikhale mbali iti. Amai pa maliketi ali na sikelo. Sikelo ikakamba kuti kapenta ni hafu kilo, ni hafu kilo, olo ulile. Koma sikelo siinakambepo mtengo. Mtengo amaika ni amai, ndipo umasintha na nyengo. Malile a 10, 5 na 2.5 anaika ni anthu okhala pa miting'i.

Cina cimene cinanipweteka kuvomeleza ni ici: anthu a pa gilaundi sanali kufuna umboni. Ninawapatsa pepala, anati ni yogula. Anaona thupi, anati coonadi cili mkati. Tikanabwela na zotuluka za magazi, akanati dokotala tamudyetsa. Anali ataweluza kale na maso, pa cigoli caciwili, ndipo ciliconse cobwela pambuyo cinali kungosunthila funso patsogolo, pamene dzanja silifika. Iwo anali kudzimva kuti aima pa coonadi ca poyela. Zoona zake anaima pa mmene anali kumvelela akaona mtsikana wa mapewa aakulu acaya bola kupambana ana awo. Amene amakonda kukuwa kuti "facts ni facts" nthawi zambili amayamba na kunyansidwa, ma facts amawafuna pambuyo. Nidziwa cifukwa ine ninayamba na manyazi. Ninali kufuna kuti dzina la banja lathu liyele pamaso pa anthu, ndipo ninalicha sayansi.

Onani Barbra. Anabadwa mtsikana mu Lusaka muno, anakula mtsikana, sanakambepo kuti ni cina. FIFA inamulola kusewela World Cup ya 2023, ndipo penoti yake pa Costa Rica inali cigoli ca namba 1,000 mu mbili ya World Cup ya akazi. Mu 2024 anapita ku Orlando Pride, analowetsa cigoli cimene cinawapatsa cikho ca ligi ya ku America. Mu November caka cimeneco BBC itamupatsa mphoto ya wosewela wa caka, anthu a kunja amene sanamuonepo na maso anadzaza intaneti na matukwana omwe aja a kasitoma wanga: muone cabe nkhope. Nthawi iyi mu babashopu tonse tinali kumbali yake, kaili amene anali kumunyoza anali azungu. Kasitoma uja ndiye anali kukuwa kupambana onse kuti ni mwana wathu.

Tinayamba kukambanso na mlongo wanga pang'onopang'ono, za mcele, za makiyi. Za tsiku lija tinakamba kamodzi cabe, mu 2024, caka ca cilala cija pamene malaiti anali kupita tsiku lonse. Tinali panja usiku, mbaula pakati, amai atagona. Mu mdima munthu amalimba mtima. Ninapepesa. Ninapepesa mwautali, na zonse zimene ninawelenga, Budapest na Kobe na ma namba. Ananilekelela mpaka ninasila.

"Mukali kukamba monga loya," anatelo.

Anasonkhezela moto. Ndiye anati, "Muziba, paja bananiona, banatuluka bati ni mukazi. Imwe munakondwela. Ine nenze naimilila mukati muja niganiza ati, aba baona cani? Sibanaone ine. Banaona cabe vamene benze kufuna kuona ngati vilipo."

Ninati koma ananena zoona.

"Banakamba zoona, ee. Nine mukazi. Koma osati cifukwa beve banakamba." Anakhala cete pang'ono. "Paja bananipeleka kuli alangizi, bonse benze kumvela monga bafika. Ine nenze monga navala nsapato za munthu wina. Citenje nikamanga nimvela monga nili mu sewelo. Nine mukazi wa mutundu wanga, nayenze kuziba kudala. Manje nikufunseni. Sembe ninakuuzani ati mukati sinimvela monga mukazi, sembe munathamangila kukatenga cani pansi pa matilesi?"

Sininayankhe. Mpaka lelo sininapeze coyankha.

Ananiuza za mnzake wina amene anali kusewela naye, amene sinidzamuchula olo kukamba kumene akhala. Iye uja, ati, kucokela ali mwana amadziona mnyamata. Si nkhani ya kukonda bola kapena kuzonda madilesi. Akalota, amalota ali mnyamata. Akamuitana "mtsikana iwe" amamva monga aitana munthu wina amene ali kumbuyo kwake. Thupi lake lilibe funso lililonse, azimai atatu aja sakanacedwa nalo. Sauzako munthu, cifukwa kuno anthu sasiyanitsa: akamva zotelo amathamangila ku nkhani ya kugonana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, imene lamulo lathu limapatsa jele, ndipo abusa amathamangila ku ziwanda.

Nikuuzeni zoona, nkhani ya mlongo wanga inali yopepuka kwa ine, cifukwa kadi, thupi na mau ake zonse zinali kumbali imodzi. Ya mnzake uyu inanivuta, ndipo ikali kunivuta. Ine nimapemphela. Ninakulila mu dziko limene linalengezedwa kuti ni lacikhristu mu 1991, nikalibe kubadwa, ndipo ninaphunzila kuti anthu ali mitundu iwili, basi. Komanso sinikhulupilila kuti ciliconse cimene munthu amva mu mtima cimasanduka coona. Cakolwa wa pa tavern amamva kuti ni wolemela mpaka m'mawa. Munthu angamve kuti mnzake wamulodza, koma ni malungo.

Koma pali mafunso ena amene mboni yake ni mmodzi cabe. Ukapita ku kiliniki, nesi amakuika thermometer, ndipo namba imene yatuluka sungaitsutse. Pambuyo pake amakufunsa, "Cibaba pati?" Pa funso iyo alibe makina. Ukati mutu, sangakuuze kuti iyai, thermometer siinaonetse mutu. Angakaike kuti unama kuti upeze sick note, ee. Koma ngati munthu akamba cinthu cimodzimodzi zaka na zaka, mobisa, cimene sicimupatsa phindu koma cingamucotsetse pa nyumba, bodza lake lingakhale la ciani? Mnzake wa mlongo wanga sakamba kuti thupi lake ni lina. Amalidziwa bwino kupambana ife, ndiye cimene cimamulilitsa. Akamba za mmene kukhala mu thupi limenelo kumamvekela. Nikamuonetsa kadi ya ku sikelo, nayankha funso limene sanafunse. Kadi ikamba zimene nesi anaona tsiku limene mwana anabadwa, ndipo pa izo siinama. Za zimene mwanayo adzamva akadzafika zaka 15, nesi sanalembe, cifukwa panalibe pozionela.

Kumene zivutila ni pamene mafunso awiliwa akumana pa khomo limodzi: timu iti, toileti iti, reji ilembe ciani. Apo mau a munthu payekha sangathe nkhani yonse, cifukwa pali anthu ena amene naonso ali na matupi na mantha awo. Sinidzanama kuti nili na yankho. Cimene nidziwa ni cocepa. Ngati pafunika kupima, apime dokotala, mu cipinda cotseka, na lamulo limodzi kwa onse lolembedwa masewela asanayambe. Osati gulu la anthu kusankha mwana mmodzi cifukwa walowetsa ziwili. Ndipo m'bale wake asakhale woyamba kutsegula citseko.

Ambuya anga a ku Katete, amai awo a atate, sanaphunzile sayansi, koma nikaganiza mmene anali kuchulila acibale nimadabwa. Mlongo wa atate anali kutiuza kuti ni atate athu aakazi, ndipo pa maliro a atate iwo ndiwo anakhala pa malo a atate, mau awo anali otsiliza. Amalume, amene ananiphunzitsa kumeta, dzina lawo lomwe litanthauza amai aamuna. Palibe anawatengela ku toileti kuti atsimikize. Aliyense anali kudziwa kuti thupi ni lina, malo a munthu pa banja ni ena, ndipo zonse ziwili ni zoona nthawi imodzi. Ngakhale liu lakuti mlongo silikamba kuti munthu ni mkazi: ine nimati mlongo wanga, iyenso ponena ine amati mlongo wanga. Ndipo cinenelo cathu cili na "iye" mmodzi cabe. Nkhondo ya he na she imene azungu amenyana pa intaneti, mu Cinyanja ilibe na pogwila. Sinikamba kuti makolo anali kuvomeleza zonse, iyai, ambuya omwewo akanakomoka kuona mdzukulu wamkazi mu kabudula. Nikamba cabe kuti anali na malo ambili oikamo munthu kupambana mabokosi awili a pa fomu.

Mlongo wanga anatenga reji atakwanitsa zaka 16. Pa cithunzi ali na tsitsi lalifupi, sanamwetulile. Bola anabwelelako patapita caka na miyezi, ku timu ina kutsidya kwa tauni, kumene amakwela mabasi awili. Sananiitanepo kukaonelela, ndipo ine sininapemphe. Nimamva cabe kwa anthu kuti mwendo wamanzele ukalipo. Nimamvanso kuti nthawi zina, akalowetsa, pamakhala wina kunja kwa mzele amene amakuwa zija. Ati iye amangoloza ku bolodi ya zigoli, olo kuti magilaundi athu alibe bolodi.

Kadi ya ku sikelo siinabwelele pansi pa matilesi. Tsiku lija ninaiika mu thumba la kumbuyo, inanyowa na thukuta, cidindo cinafufutika mbali imodzi. Ninacita manyazi kuibweza kwa amai ili conco, ndiye ili mu dilowa ya ku babashopu, pansi pa malezala na mabulashi. Amai sanaifunsepo.

Mwezi watha, Ciwelu madzulo, nili pafupi kutseka, analowa. Anakhala pa mpando osapempha, monga kale. Ninamumanga nsalu pa khosi, ninapukuta makina na spiliti. Zaka zonse zija ninali kungoyamba, kaili mutu uyu niudziwa kupambana wanga, nidziwa na pamene pali cipsela ca mwala wa mu 2016. Dzanja linali litakwela kale. Ninaliimitsa.

"Nimete bwanji?"

Ananiyang'ana mu gilasi nthawi itali, mpaka ninayamba kuganiza kuti nalakwanso.

"Monga masiku onse," anatelo. "Koma pamwamba musiyeko pang'ono. Mailo tili na gemu ku Matero, zuba ibaba."